Ploti Yakuseri Ilibe Msewu

Mlongo wanga, amene tonse timangomutchula kuti Mzime poti ndiye womaliza kubadwa, anachoka pakhomo ndevu zisanamere bwino. Anapita kutali kukawotcherera zitsulo. Poyamba ankati akakhalako chaka chimodzi basi. Kenako anakwatira komweko n'kubereka ana awiri amene ife timangowaonera pafoni, nkhope zikudukaduka netiweki ikavuta. Anawo chilankhulo chathu sachidziwa. Bambo awo amawalowezetsa moni, iwo n'kunena kuti "Muli bwanji agogo" ngati akumeza mapilitsi, kenako n'kuthawa kukasewera.

Amayi anga si munthu wa misozi. Iwo kusowa mwana kumawatulukira m'manja. Amachapa zochapachapa, amasuntha mipando, amakalipira nkhuku za eni ake.

Lamlungu lina masana, atamufunsa monga mwa nthawi zonse kuti ubwera liti, Mzime anaseka n'kunena kuti, "Amayi, ndibwere ndidzagone pati? Pabalaza, ine, mkazi ndi ana, ngati anthu odzapepesa maliro? Ndikanakhala ndi panga, bwenzi nkhani ili ina."

Ine ndinamva munthu akuzemba. Amayi anamva lonjezo.

Ploti yathu ndi yaitali koma yopapatiza ngati lamba. Kumsewu kuli nyumba imene anamanga malemu bambo. Amayi amagona chipinda cha kumanzere, chimene khoma lake limangotsala pang'ono kugunda mpanda wa aneba. Ine, mwamuna wanga ndi ana athu timakhala m'zipinda zotsalazo. Kumanja kwa nyumba kale kunali bwalo loti galimoto inkalowa n'kukafika kuseri. Pamenepo ndi pamene mwamuna wanga, amene ndi kalipentala, anamanga shedi yake, ndipo anamupatsa malowo ndi amayi omwe. "Mangani pano akamwini," anatero nthawi imeneyo, "makasitomala azikuonani ali pamsewu." Anayamba ndi mapolo ndi malata ochepa. Kenako khoma la njerwa, kenako simenti pansi, kenako waya wa magetsi wa makina opalira matabwa. Chaka ndi chaka shedi inkanenepa, njira n'kumaonda, mpaka pakati pa shedi ndi nyumba panangotsala kampata koti munthu wosenza ndowa ankadutsa chammbali ngati nkhanu.

Kuseri kuli zingwe zoyanikira zovala, chimbudzi, timabedi ta masamba ta amayi, ndipo kumapeto kwenikweni kumadutsa ngalande ya khonsolo. Bambo asanamwalire anatola matayala akutha, n'kuwakwirira theka mumzere wodula ploti pakati, n'kuwapaka laimu. "Kuno kwa mtsikana, uko kwa mnyamata," anatero. Kwa ife kugawa kunathera pomwepo. Sitinkadziwa kuti matayala alibe mawu kuofesi.

Amayi anapeza saveya woti ayeze malo ndi kudula ploti mwalamulo, bambo wamtali wa chipewa chothothoka, amene anabwera ndi makina ake a miyendo itatu. Anatsatira matayala a bambo. Atamaliza anafunsa kuti, "Nanga msewu wolowera ploti yakuseriyi uli pati?"

Amayi analoza kampata kaja.

Saveya anakayang'ana, anayang'ana amayi, n'kukanda m'chipewa. "Ine ndijambula zimene zilipo, mayi. Koma musadzati sindinanene."

"Jambulani," anatero amayi. "Zonena musiyire a pawailesi."

Mapepala tinakapereka kukhonsolo, n'kuyamba kudikira. Amayi sanadikire manja ali m'chiuno. Anazula masamba awo mbali ya Mzime, n'kusalaza nthaka ndi khasu. Madzulo ankatenga mpando n'kukakhala pamatayala paja, n'kumaloza ndi chibwano. Apa pabalaza. Apa pogona ana. Khomo liyang'ane kuno, kuti akatsegula m'mawa ndizimuona.

Tsiku limene a khonsolo anatiitana ndinapempha kuweruka msanga kubekale yophika buledi kumene ndimagwira ntchito. Ofesi ya mapulani ili pamwamba, ndipo masitepe ake amayi anakwera akupumira pakona iliyonse, osalola kuti ndiwagwire mkono. Mkatimo munali benchi yoterera chifukwa cha kukhalidwa, mafayilo omanga ndi zingwe ataunjikana mpaka pawindo, ndi mapu a tauni yonse pakhoma, ofwifwa moti misewu ina inali itafufutika. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wa mapulani, wachitsikana ndithu, wa mandala, woyembekezera mwezi wotopa. Nsapato anali atavula, mapazi otupa atawasanjika pakatoni.

"Komiti yakana, mayi," anatero osazungulira.

"Yakana chiyani? Malo ndi anga."

"Malo ndi anu, palibe akutsutsa. Chakanidwa ndi kadulidwe kake." Anatambasula pulani yathu n'kuikapo chala. "Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, m'mbali mwa ngalande simumangidwa. Mukachotsa pamenepo, ploti yakuseri yachepa, siikwana muyezo wa dera lanu. Chimenecho n'chosavuta, mzerewu ungosunthira kutsogolo pang'ono."

"Mzere umenewo anaika ndi mwamuna wanga."

"Pepani. Koma usuntha. Chovuta n'chachiwiri. Ploti iliyonse iyenera kukhala ndi msewu wakewake wofika pamsewu waukulu, woti galimoto n'kulowa. Yanuyi ilibe. Ili ngati chipinda chopanda chitseko."

"Njira ilipo," anatero amayi. "Tadutsapo zaka zonsezi, palibe anakanirirapo."

Mayi wa mapulani anavula mandala n'kutikita m'maso. Ndinkaganiza kuti atithamangitsa, poti pabenchi panali anthu ena akudikira. Koma anati, "Chabwino. Ndibwera ndidzaione ndekha, musamadzati tinakana tili pampando."

Anabweradi Lachinayi, pagalimoto ya khonsolo, tepi yoyezera ili m'manja. Amayi anali atasesa kampata kaja ndi kuwazapo madzi, ngati kuyera kungakakulitse. Mwamuna wanga anazimitsa makina n'kuima pakhomo la shedi, utuchi uli m'tsitsi.

"Njira yake ndi imeneyi?"

"Imeneyi," anatero amayi. "Dutsani muone."

Mayi uja anayesa chakutsogolo, mapewa anakana. Anatembenukira chammbali, mimba inakana. Anabwerera m'mbuyo akuseka, diresi itadetsedwa ndi khoma.

"Mwaona? Ife awirife takanika. Nanga galimoto yozimitsa moto?"

"Ine ndinkadutsa pomwepa ndili ndi mimba ya Mzime, mtolo wa nkhuni uli pamutu."

"Nthawi imeneyo shedi kunalibe, amayi," ndinatero ine.

Amayi anandiyang'ana diso loti iwe ndidzakuona.

Tinamudutsitsa m'nyumba, kulowera pabalaza n'kutulukira kukhitchini. Kuseri anaima pamatayala, dzanja lili pamsana, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Tiyerekeze kuti mwana wanu wamanga pano. Chimbudzi chadzadza. Galimoto yopopa iima pati? Mkazi wake wadwala mwadzidzidzi, ambulansi ifika bwanji? Tisapite patali, njerwa zomangira nyumbayo zilowera kuti? Pabalaza panu?"

"Kabati simadutsa, zimenezo n'zoona," anatero mwamuna wanga chapansipansi. "Ndinayesapo. Tinachita kuikweza padenga."

"Akamwini, akufunsani ndani?"

"Palibe, amayi."

Amayi anatembenukira mayi wa mapulani, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anatsika. "Mwana wanga, uyu si mlendo ayi. Ndi mwana wa m'mimba mwangamu. Azidutsa m'nyumba mwanga, usana ndi usiku, chitseko sindidzatseka. Kalembeni zimenezo."

"Lero ndi mwana wanu," anatero mayi uja. "Koma pepala limakhalitsa kuposa anthu. Mawa pano padzakhala adzukulu, kapena munthu wogula amene sakukudziwani. Wina adzakwiya n'kuika loko pakampata kaja, winayo adzabwera kwa ife akulira. Mafayilo munawaona aja, ambiri ndi a anthu a bere limodzi. Onse anayamba ndi mawu anuwa."

Kenako anatambasula tepi, ine nditagwira kumapeto. Kumanja, msewu ukanakwana shedi yonse itachoka. Kumanzere, ukanakwana chipinda cha amayi chitagwetsedwa. Njira ina panalibe.

"Kusankha n'kwanu," anatero akukulunga tepi. "Mukakonza, bweretsani pulani yatsopano, ine ndidzaikankha ndekha kukomiti."

Mayi uja anapita. Mwamuna wanga anakayatsa makina ake, ndipo tsiku limenelo anapala matabwa amene sankafunika kupala.

Amayi sanamupemphe kanthu. M'malo mwake anayamba kuyenda. Anapita kwa aneba akumanja kukapempha kuti atigulitse kachigawo ka malo m'mbali mwa mpanda, koma kumeneko n'kumene kuli mabafa a anthu awo a lendi, ndipo mayi wa pamenepo anangoti, "Ndiye azikasamba kwanu?" Anapita kwa khansala, amene anawapatsa mpando ndi madzi ozizira n'kuwauza kuti lamulo la msewu ngakhale iye limamumanga. Anabwerako nsapato zili mbuu, n'kukachapa makatani.

Mwamuna wanga si munthu woipa. Koma shedi ija inali nkhope yake. Anthu otsika minibasi ankaona mipando ndi zitseko atazitsamiritsa panja, n'kuima kufunsa mtengo. Madzulo ena tikudya kuchipinda, poti pabalaza panali patavuta kukhalapo, anati, "Ine ndigwetse shedi chifukwa cha munthu amene pamaliro a bambo ake anangotumiza mawu?"

"Palibe wanena kuti mugwetse."

"Khoma lonse la nyumba ino likunena. Amayi ako akamandipatsa moni wa ulemu chonchija ndimachita kumva kuzizira kumsana." Anatafuna kwa kanthawi. "Amene ali pano ndi ife. Akadwala amawanyamula ndani? Denga likadontha amakwera ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ukawauze."

"Kawauzeni nokha."

"Aaa, ine ndikufunabe moyo."

Mawa lake pa nthawi yopuma ndinatuluka kuseri kwa bekale, pamene timaunjika matumba a ufa otha, n'kumuimbira Mzime. Anayankha pali phokoso la chopukusira zitsulo, mpaka anachita kutuluka panja.

"Iwe, ndikufunse, ndipo usandizungulitse. Ploti ikatheka ubweradi?"

"Achemwali, mukufunsa ngati apolisi bwanji?"

"Yankha."

Ndinkamva mpweya wake, ndipo ndinadziwa kuti akudziluma mlomo wam'munsi, poti ankatero ali mwana akaswa kapu. Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine mpaka msana unkanyowa. Ndinkamutafunira mtedza asanamere mano. Tsiku limene ankanyamuka ndine ndinamunyamulira chikwama kukafika kudepoti, ndipo basi itanyamuka anatulutsa dzanja pawindo lolakwika, n'kumabayibitsa anthu osawadziwa.

"Kufuna ndimafuna," anatero. "Mukuganiza kuti kuno n'kwabwino? Ndimalota pakhomopo, achemwali. Ndimalota fungo la utuchi wa alamu. Koma ana ali pasukulu, mayi awo ntchito yawo ili kuno…"

"Ndiye ndiwauze amayi kuti asiye?"

"Ayi! Musawauze choncho."

"Nanga ndiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti ndikuganiza."

Sindinawauze kalikonse. Munthu sungapatse mayi wako mawu opanda mutu ngati amenewo.

Loweruka lotsatira ndinaweruka masana. Ndili pakona ndinaona anthu ataima pamsewu akuyang'ana kwathu, ndipo ndinkaganiza kuti amayi agwa. Nditayandikira ndinaona bedi lawo lili panja. Matiresi anali atatsamira mpanda. Sutikesi yawo yachitsulo, wailesi, beseni la nsapato, chithunzi cha bambo chitayang'ana kumwamba, zonse zili mbwee pabwalo. Padenga la chipinda chawo panali amuna awiri aganyu akuzula misomali, lata limodzi atalitsitsa kale.

Amayi anali atamanga mpango mwamphamvu, akupinda mabulangeti.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Msewu," anatero. "Ndizigona pabalaza. Ndine wamfupi, sofa indikwana."

"Ndi miyendo yanuyo? Ndi chifuwa chanucho?"

"Miyendo ndi yanga, chipinda n'changa. Gwira uko tipinde."

Mwamuna wanga anali atapita kukagula matabwa m'mawa, ndipo anafika nthawi yomweyo, akuyenda pambuyo pa ngolo yokankha. Anaima. Anayang'ana bedi, anayang'ana anthu pamsewu, anayang'ana kudenga.

"Tsikani," anauza aganyu aja.

"Bwana, atilemba ntchito ndi agogowa."

"Ndati tsikani, musanatsike mwa njira ina."

Anatsika. Iye anavula kapusi n'kuyandikira amayi, koma osafika pafupi kwambiri, monga amachitira nthawi zonse.

"Amayi, mukufuna anthu azinena chiyani? Kuti kalipentala uja anagoneka apongozi ake pasofa kuti asunge utuchi?"

"Sindinakupempheni kanthu, akamwini."

"N'chifukwa chake zikuwawa."

"Shedi ndinakupatsani ndine. Chimene ndapereka sindilanda. Ana anu amadya pamenepo." Anapitiriza kupinda bulangeti, osamuyang'ana. "Koma ine ndakalamba. Ndikufuna ndidzamve mwana uja akutsokomola kuseri kwa nyumba ino ndisanafe. Ngati mtengo wake ndi chipinda, chipite."

Mwamuna wanga anatembenuka. Anatenga makwerero, anakweza lata lija yekha, n'kulikhomera pamalo pake. Kenako anaitana aganyu omwe aja kuti amuthandize kulowetsa bedi. Amayi anangoima, bulangeti lili pachifuwa. Chithunzi cha bambo ndinalowetsa ndine.

Lolemba anayamba kuphwasula shedi. Sanaigwetse ngati mmene amagwetsera a khonsolo. Anaimasula mwaukalipentala, thabwa limodzilimodzi, msomali uliwonse n'kuuwongola pamwala n'kuuponya m'chitini. Njerwa ankazigogoda mosamala n'kuzisanja. Anzake odutsa pamsewu ankamukuwa kuti, "Akulu, mwalemera, mukusamukira kutauni?" Iye n'kumati, "Eee, ndikukatsegula fakitale." Pansi pa benchi yake yopalira tinapeza zinthu zimene zinasowa kalekale: sipuni, kansapato ka mwana wathu woyamba, lumo langa limene ndinayambanirapo ndi aneba.

Malo anawapeza kuseri kwa sitolo ya zitsulo kumsika, kokhota, koti munthu amafika pokhapokha wina atamulozera. Maoda anachepa. Ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo masana pakhomo pankakhala phee, moti ndinazindikira kuti phokoso la makina limene ndinkadandaula nalo lija ndi limene linkandiuza kuti ndili kwathu. Amayi anayamba kumusungira tiyi mufulasiki. Ankamuikira patebulo osanena kanthu, iye n'kumwa osanena kanthu.

Kwa ine ndiye ananena. "Mlongo wakoyo akapanda kubwera, ndidzakamutenga ndekha. Ndidzamumangirira pawilibala."

Saveya anabweranso, ndipo ataona bwalo lotseguka anangoti, "Ehee, tsopano tikulankhula." Anasuntha mzere kuchoka pamatayala a bambo n'kuzika mabikoni a simenti. Matayala amayi anakana kuti tizule. Pulani inapita kukhonsolo, komiti inakhala, ndipo ulendo uno inavomera. Mayi wa mapulani sitinamupeze, anali atapita kukachira. Mapepala anatipatsa ndi bambo wina amene sanadzutse n'komwe mutu. Amayi anamufunsa kuti mnzakeyo wabereka mwana wanji.

"Wamwamuna."

"Mukamuuze kuti asadzamulole kupita kutali," anatero amayi, n'kuyamba kutsika masitepe.

Lamlungu anavala diresi yawo ya maluwa n'kundiuza kuti ndimuimbire Mzime pa vidiyo. Anandilanda foni n'kukaima pamsewu waukulu, kenako anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowa mumsewu watsopano, foni ataitsogoza ngati nyali.

"Ukuona? Apa galimoto ikulowa. Apa ikudutsa. Ona kukula kwake, ngakhale ziwiri zikhoza kupatukirana."

Ziwiri sizikanapatukirana, koma sindinawatsutse.

"Amayi," anatero Mzime, "shedi ya alamu ili kuti?"

"Usafunse za shedi. Ona msewu." Anafika kuseri n'kuloza bikoni ndi phazi. "Kuyambira apa mpaka uko ndi pako. Dzina lako lili papepala la boma. Unati ulibe pogona. Tsopano unene china."

Nkhope ya Mzime inaima pafoni, ndipo ndinkaganiza kuti ndi netiweki. Kenako ndinaona kuti maso okha akuphethira.

"Amayi, ine ndinango…" Sanamalize. Anapukuta kumaso ndi mkono. "Alamu ali pompo?"

Mwamuna wanga anali pakhonde akunola tchizulo. Anapukusa mutu kukana.

"Atuluka," ndinatero.

"Ubwera liti?" anafunsa amayi.

"Ndione kaye za tchuthi cha ana. Ndikuuzani, amayi. Ndikuuzani ndithu."

Amayi anandibwezera foni iye akulankhulabe, n'kukalowa m'nyumba kukavula diresi ija.

Tchuthi cha ana chinafika n'kudutsa. Mzime ankaimbabe Lamlungu lililonse, ndipo tsopano ankafunsa zambiri: mtengo wa simenti, ngati madzi a pampopi amafika kuseri, ngati kuli mmisiri wodalirika. Za tsiku sankanena. Amayi nawo analeka kufunsa.

Ndiye Loweruka lina chakumasana, mwamuna wanga atabwera kudzatenga chida chimene anaiwala, lole yaikulu inaima pamsewu n'kuliza hutala. Dalaivala anatulutsa mutu.

"Kwa mayi ake a wowotcherera zitsulo ndi pano? Watituma pafoni. Akuti tikatsitse kuseri."

Inali itadzadza mchenga.

Amayi anatuluka m'khitchini manja ali ndi thovu la sopo. Mwamuna wanga anaika chida pansi, n'kupita kumbuyo kwa lole, n'kuyamba kukupiza dzanja. "Bwera! Bwera! Khotera kumanja pang'ono, usandiphwanyire khoma la apongozi. Wongola. Bwerabe!" Lole inalowa chafutambuyo, ikulira, ikugwedeza magalasi a mawindo, ndipo inadutsa m'mbali monse mukutsala malo. Itafika pabikoni inakweza msana, mchenga n'kukhuthuka, fumbi n'kukwera mpaka pa zovala za pachingwe.

Amayi anayandikira, anapukuta dzanja pachovala, n'kulilowetsa mumchenga mpaka m'chigongono. Unali wonyowa, wa kumtsinje.

"Mwini wake wati chiyani?" anafunsa dalaivala.

"Wangoti tikatsitse, mayi."

"Sananene kuti abwera liti?"

"Ife ndi a mchenga chabe."

Mulu uja ulipo mpaka lero. Njerwa sizinabwere, simenti sinabwere. Mvula itayamba amayi anaufunditsa ndi mapepala apulasitiki n'kutsindira ndi miyala kuti usakokoloke kupita mungalande. Ana a m'dera lathu anauzindikira msanga, ndipo amalowa mumsewu muja mothamanga kudzatsetserekapo, koma amayi amawamva ngakhale ali m'tulo ta masana. Aneba anabwera ndi ndowa kudzapempha wongomatira sitepe, anabwerera ndi ndowa yopanda kanthu. Udzu ukamera m'munsi mwa mulu, amayi amauzula usanatalike.

Tsiku lina ndinawapeza akubwezera pamwamba ndi fosholo mchenga umene unatsetserekera m'mbali. Ndinawalanda fosholoyo.

"Munthu satumiza mchenga kumene sakufuna kupita," anatero akupuma movutikira.

Ine m'tauni muno ndaona milu yambiri ya mchenga imene inameza zaka, ina mitengo inamerapo. Ndinangoti, "Khalani pansi, amayi," n'kuyamba kuwola ndekha.

"Kumbali uko wasiyako," anatero. "Usautaye. Adzaufuna wonse."